Kuperekeza Emiko Mpaka pa Mlatho wa Songwe

Ndaona kuti n'koyenera kulemba nkhani ya ulendo uwu chifukwa yayamba kusintha m'kamwa mwa anthu. Pa maliro ena ku Nkhamenya ndidamva mayi wina akuuza anzake kuti tidakafika mpaka ku Dar es Salaam. Ena akunena kuti ine, mlangizi wa zaulimi amene ndagwira ntchito kuyambira ndili mtsikana, ndidasiya ofesi kukaona nyanja. Zimenezi si zoona. Ndidalipo kuyambira pakhomo mpaka pa mlatho, ndipo ndilemba monga momwe zidachitikira.

Emiko adali mtsikana wa ku Japan amene sukulu yake yaukachenjede idamutumiza kuno kwa chaka chimodzi kudzaphunzira ulimi wa alimi ang'onoang'ono. Adaikidwa m'manja mwanga kuti ndizimuyang'anira, koma ankakhala kwa a Nyachirwa, mayi wamasiye wa mudzi wina wa kwa Kaluluma, amene amalima chimanga ndi fodya wa bale pang'ono. Pofika, mtsikanayu sankatha ngakhale kuyankha moni. Pochoka ankathirira nazale, kusoka fodya, kunenerera mtengo wa tomato pamsika, ndipo ankadziwa woyenera kumuuza "yewo" ndi woyenera kumuuza "zikomo". Pa ophunzira onse amene adadutsa m'manja mwanga, iye yekha ndiye ankafika pamunda ine ndisanafike.

Maphunziro atatha, sadafune kukakwerera ndege ku Lilongwe. Adakonza zodzera kumpoto, kuwoloka malire pa Songwe, ndi kukakumana ndi anzake a sukulu ku Mbeya kuti akakwerere limodzi sitima ya pamtunda yopita ku Dar es Salaam.

Apa ndiyenera kufotokoza mwambo wa kuperekeza, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. Mlendo akamachoka, eni nyumba amamulanda katundu ndi kuyenda naye. Akayenda kamtunda, mlendo amati, "Bwererani pano." Woperekeza amakana, amati, "Pang'ono chabe, tikafike apo." Kukanako ndi ulemu basi, ndipo mlendo amayenera kuumirira, kuima, ndi kugwira katundu wake ndi dzanja. Akatero woperekeza wamasuka. Kutula katundu wa mlendo mwiniwake asanaugwire ndi kumuthamangitsa, ndipo kumuuza kuti "timasule" ndi kumuthamangitsa kawiri. Emiko adaphunzira zambiri chaka chimenecho, koma ichi palibe adamuphunzitsa, chifukwa munthu suphunzitsa mlendo wako kachokedwe.

Palinso china chimene wowerenga ayenera kudziwa. Lamulungu adalengeza m'tchalitchi kuti makuponi a feteleza wotsika mtengo adzagawidwa Lachitatu m'mawa pabwalo la sukulu, ndipo kuti aliyense adzalandire yekha dzina lake likaitanidwa. Chaka chimenecho dzina la a Nyachirwa lidalipo, atadumphidwa zaka zam'mbuyo. Munda wawo ndimaudziwa bwino: ndi wamchenga, ndipo popanda feteleza chimanga chake sichifika Khirisimasi. Emiko sadamve chilengezocho chifukwa adatsala kunyumba akulongedza.

Tidanyamuka Lolemba dzuwa lisanakwere. Mudzi wonse udatuluka, amayi akuimba, ana akuthamanga kutsogolo. A Nyachirwa adasenza sutikesi. Ine ndidatenga chikwama cha mabuku. Thumba la mtedza adanyamula bambo Likoswe, tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe, kwawo ku Phalombe, amene ankaphunzitsa Emiko kusanja masamba a fodya. Kukhwapa kwawo kudali tambala wofiira womanga miyendo, mphatso yawo.

"Akalire ku Japan ameneyu, adziwe kuti kuno kwacha," adatero.

"Mundege salola nkhuku, bambo Likoswe," ndidawauza.

"Amayi alangizi, nanga ndegeyo ilibe mapiko ngati iyeyu? Akagwirizana okhaokha."

Pa Nkhamenya tidadikira basi pakhonde la golosale. Minibasi ziwiri zidadutsa zitadzaza mpaka pakhomo. Dzuwa litayamba kuluma, anthu amene adali chimanjamanja adayamba kupatsana moni ndi Emiko mmodzimmodzi, nabwerera kukathirira nazale zawo. Iwo adali omasuka chifukwa sadanyamule kanthu. Tidatsala atatu ogwira katundu. Cholinga changa chidali kumusiya pakhomo la basi ndi kukafika kuofesi nthawi yabwino.

Basi yopita ku Mzuzu itaima, Emiko adatembenukira kwa a Nyachirwa.

"Amama, kodi simubwerera?"

"Pang'ono waka, mwana wane. Tikafike pa Jenda apa."

Tonse tidayembekeza kuti aumirire. Iye adawerama, nati, "Yewo chomene, amama," n'kulowa m'basi. A Nyachirwa adandiyang'ana, ine ndidayang'ana bambo Likoswe, bambo Likoswe adayang'ana tambala.

"Mukwera kapena mukujambulitsa?" adafuula kondakitala.

Tidakwera. Kondakitalayo adafuna kuti tambala alipire ngati mwana wasukulu, ndipo ndidamufunsa kuti andionetse pamene zimenezo zidalembedwa. Sadabwerenso kumpando kwathu.

Pa Jenda basi idaima pa rodibuloko, tonse tidatsika kuti apolisi aone katundu. Ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatatesi adatizungulira. Ndidapezerapo mpata woimbira akuluakulu anga ku boma kupempha chilolezo, ndipo adandilola. Ndikulemba zimenezi chifukwa cha iwo amene amati ndidachoka mozemba. Nthawi yokweranso itakwana, Emiko adafunsa monga poyamba, ndipo a Nyachirwa adayankha monga mwambo ufunira, kuti tikafike pa mphambano ya ku Mzimba. Mtsikanayo adaweramanso, nkhope ikuwala ndi chimwemwe.

Ndidawakokera a Nyachirwa kuseri kwa basi.

"Mayi, Lachitatu silili kutali. Ndiloleni ndimuuze za makuponi."

"Mukamuuza, mama, ine ndi inu tadana. Mwana aziti ndinamuika pa sikelo ndi thumba la feteleza, thumba n'kulemera?"

"Nanga mukaphonya?"

"Anena yekha. Ndi mwana wanzeru, anena kutsogoloku."

Sindidawatsutse. Adali kunena zoona pa mwambo, ndipo ine ndemwe ndidaleredwa momwemo.

Pa mphambano ya ku Mzimba Emiko sadaumirirebe. Tidakwera mapiri, ndipo titalowa m'nkhalango ya Chikangawa basi idatulutsa utsi kutsogolo, n'kuima. Lamba wa injini adaduka. Dalaivala adatsegula, adapukusa mutu, natumiza kondakitala pa lole ya matabwa kuti akagule wina ku Mzuzu. Adatiuza kuti sachedwa. Aliyense amene adakwerapo basi amadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Tidakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa litapendeka. Tidachoka kwathu kukutentha, titavala zopepuka, koma kumeneko kudali nkhungu ndi mphepo yolasa m'mafupa. Amuna adasonkha moto m'mbali mwa msewu. Emiko adamasula thumba la mtedza, tidakazinga pachivundikiro cha chitini, basi yonse idadya. Adatsegulanso sutikesi n'kutulutsa juzi lake kuveka a Nyachirwa. Ndidaganiza kuti wagwira katundu, koma atatseka, a Nyachirwa adaikokera kwa iwo n'kukhalapo, iye osanena kanthu. Kutsegula sutikesi si kulanda.

Bambo Likoswe ndiye adali pa chikondwerero. Matenanti a pa esiteti yawo sadalembedwe pa makuponi, choncho adalibe chowathamangitsa. Ankayendayenda akuwerama kuona mitengo ya paini.

"Munda wa ndani uwu? Mizere yake yowongoka chonchi, mlangizi wake ayenera kuti ndi wolusa kuposa wathu."



Pamoto pomwepo tidadziwana ndi mayi wina wojintcha, wogulitsa mpunga, dzina lake Tupokiwe, amene ankabwerera kwawo ku Kaporo atagulitsa katundu wake ku Lilongwe. Adatiyang'ana tonse anayi kwa nthawi, kenaka adafunsa.

"Gulu limeneli likupita kuti? Kuukwati?"

"Tikuperekeza mlendo," adayankha bambo Likoswe.

"Kuchokera kuti?"

"Kwa Kaluluma."

"Mwanena kuti kwa Kaluluma? Nanga mlendoyo kwawo ndi kuti?"

"Ku Japan."

"Ndiye mwatenga zovala zokwanira?"

Adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Emiko adaseka nawo posadziwa chimene chinkaseketsa. A Nyachirwa sadaseke. Ndidawaona akuyang'ana dzuwa.

Kondakitala adabwera ndi lamba wamkulu kuposa wofunika, ndipo padapitanso nthawi amuna asanu akulangiza dalaivala mmodzi. Potsiriza injini idalira, anthu adaomba m'manja, tambala nayenso adalira. Tidalowa mu Mzuzu kukuda, tidakagona kwa msuweni wanga amene amaphunzitsa kumeneko.

Lachiwiri m'mawa pa depoti ndidaona kuti mpata wabwino ndi umenewu. Basi zopita kumwera zidali pomwepo, ndipo tikadabwerera tsiku lomwelo tikadagona kwathu. Ndidaganiza njira yosaphwanya mwambo. Ndidati, "Emiko, ndikuona ngati amama ako atopa."

Mtsikanayo adadzidzimuka. Adayang'ana a Nyachirwa amene adali chilili sutikesi ili pamutu, natambasula manja onse awiri kuti awalandire. Zala zake zidatsala pang'ono kukhudza chogwirira. Koma a Nyachirwa, pakamwa patazolowera ulemu kuyambira ubwana, adati, "Ayi, ayi, leka mwana wane, siyolemera."

Emiko adabweza manja ngati wakhudza mbaula. M'malo mwake adathamanga kukawagulira tiyi ndi mandasi.

"Mpira wagunda mtengo wa golo," adanong'ona bambo Likoswe.

"Mayi," ndidatero ine, "mukadangokhala chete."

"Pakamwa panatsogola, mama. Nditani nanga?"

Tidakwera basi ya ku Karonga, ndipo mayi Tupokiwe tidawapezanso momwemo atatisungira malo. "Ndinadziwa kuti mubwera," adatero. "Anthu inu simubwerera mpaka nyanja yamchere ikukanizeni."

Tidadutsa Ekwendeni, Bwengu ndi Phwezi. Pa malo aliwonse oima Emiko ankafunsa kamodzi, a Nyachirwa ankatchula malo otsatira, iye ankawerama. Malo ena a Nyachirwa sankawadziwa, ndipo ankayamba andifunsa ine chapansipansi kuti kutsogoloku kuli tauni yanji. Potsika phiri la Chiweta makutu awo adatseka, nayamba kulankhula mokweza ngati ali kudimba. Nyanja tidaiona pawindo, koma sitidapitire imeneyo. Chimene ndimakumbukira bwino ndi chakuti Emiko adagona tulo atatsamira phewa la a Nyachirwa, iwo akumuingitsira ntchentche, ndipo nkhope yawo sidali ya munthu amene akunong'oneza bondo.

Ku Karonga kudali kutentha kosaneneka. Tidadikira minibasi ya ku malire kuti idzaze, dalaivala akuliza injini kunamiza anthu kuti akunyamuka. Tambala adafooka, ndipo bambo Likoswe adamumwetsa madzi ndi chivundikiro cha botolo, akumulimbitsa mtima ngati mwana. Mayi Tupokiwe adayenera kutsika pa Kaporo, koma titafika adauza kondakitala kuti apitirire.

"Ndalama ndiwonjezera. Filimu iyi ndiionere mpaka kumapeto."

Tidafika pa Songwe dzuwa litapendeka. Anyamata osintha ndalama adatithamangira, njinga zonyamula katundu zikudutsana, malole atandanda m'mbali. Emiko adalowa muofesi kukadinditsa pasipoti yake. Ndidafunsa za basi yobwerera kumwera, ndipo adandilozera imodzi imene inkadzaza chapatali. Adati ikachoka imeneyo, ina ndi mawa. Mawa lake lidali Lachitatu.

A Nyachirwa adandigwira mkono.

"Mama, inu ophunzira mukudziwa. Kachikalata kowolokera tsidya lija amapereka khomo liti?"

"Mayi, mukuganiza zowoloka?"

"Nanga akapanda kunena? Ndimutulire sutikesi pafumbi ngati wakuba?"

"Basi iyo ikachoka, makuponi apita."

Iwo adati, "Chaka chatha tinadya gaga, sitinafe."

Mayi Tupokiwe adamva zonse. Kuseka kudawathera pomwepo.

"Makuponi ati? Mwasiya makuponi kumudzi? Agawa liti?"

"Mawa m'mawa," adaulula bambo Likoswe.

"Mayo ine! Ndiye mwakhala mukuseka nane njira yonseyi? Tamverani kuno. Ine mtsikanayu si mlendo wanga, sanadyepo m'nyumba mwanga. Pakamwa panga palibe mwambo wapamanga."

"Chonde, amama ŵane, musamuuze," adadandaula a Nyachirwa, koma mayiyo adali atapita kale kukamuchingamira Emiko pakhomo la ofesi.

Sitidamve zonse zimene adamuuza, koma tidaona manja akuloza sutikesi, akuloza basi, akuloza kumwera. Emiko adagwira pakamwa. Adabwera kwa ife akuthamanga, misozi ili mbwembwembwe.

"Amama, bwanji simunandiuze? Kwathu wamkulu akanena kamodzi, mwana sabwereza. Mumati pang'ono, ine ndimati mukufuna choncho. Ndiponso ndimasangalala. Ndimati mwina simundisiya."

"Nanenso ndimasangalala, mwana wane."

"Zokondanazo mukamalizire m'makalata," adatero mayi Tupokiwe. "Iwe, nena zija ndakuuza. Basi ikudzaza."

Emiko adapukuta m'maso, naima mowongoka pamaso pa a Nyachirwa amene adali atasenzanso sutikesi.

"Amama, bwererani pano."

"Pang'ono waka, tikafike pakati pa mlatho."

Tonse tidayang'ana Emiko. Ngakhale anyamata osintha ndalama, amene bambo Likoswe adali atawafotokozera kale nkhani yonse, adasiya kuwerenga. Ndidaona mutu wa Emiko ukuyamba kuwerama monga mwa chizolowezi chake, koma adauimitsa. Adatambasula manja, nagwira chogwirira cha sutikesi mwamphamvu.

"Ayi, amama. Mwandiperekeza. Bwererani."

A Nyachirwa adagwiritsabe kamphindi, monga kuyenera, kenaka adapinda mawondo, sutikesi idatsika. Mayi Tupokiwe adaimba nthungululu, amayi ogulitsa nthochi adalandira, anyamata aja adaimba malikhweru. Awiriwo adakumbatirana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi, wina akulankhula Chitumbuka, wina Chichewa chosakaniza ndi chakwawo.

Kenaka adabwera kwa ine. Ndidakana kamodzi monga mwambo ufunira, iye adagwira chikwama cha mabuku osazengereza, ndipo ndidamuuza kuti wakhoza. Ndidamuuzanso kuti zimene akalembe kwawo za alimi athu akalembe zoona, ndipo kuti wandichititsa ulemu. Sindine munthu wokumbatira anthu pamsewu, koma tsiku limenelo ndidalola.

Bambo Likoswe ndiye adavuta. Adabisa tambala kumbuyo.

"Ine sindinamve bwino. Mukabwereze ku Mbeya."

"Bambo Likoswe, bwererani!"

"Onani mwana tamulera tokha, lero akutithamangitsa."

Adapereka tambala ndi mtedza wotsala. Mnyamata wa njinga adakweza sutikesi, Emiko adapanira tambala kukhwapa nati akadya ndi anzake ku Mbeya, nauyamba wa pa mlatho. Atafika pakati adatembenuka, nawerama. Ife tidakweza manja. Adaweramanso. Tidakwezanso manja. Iye ankadikira kuti tichoke ndife, ife tinkadikira kuti azimiririke ndiye, basi ikuliza hutala kumbuyo kwathu.

"Ayambanso!" adafuula mayi Tupokiwe. "Agwireni anthu awa!"

Apa ndidagwiritsa ntchito mawu amene ndimaitanira alimi kumsonkhano. Ndidalamula kuti titembenuke, ndipo tidathamangira basi, a Nyachirwa akucheukabe. Tidakwera ikuyenda kale.

Za ulendo wobwerera ndilibe zambiri. Mayi Tupokiwe adatsika pa Kaporo. Ife tidaima nthawi yaitali ku Karonga, tidaimanso ku Mzuzu kudikira mafuta, ndipo kudaticherera tili ku Chikangawa. A Nyachirwa sadagone. Pa Jenda dzuwa lidali litakwera kale, ndipo ndidadziwa kuti kumudzi ayamba kuitana maina. Titatsika pa Nkhamenya tidatenga makabaza atatu. Ndidauza anyamatawo kuti apalase ngati akuthamangira kuchipatala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindidadzudzule munthu chifukwa cha liwiro.

Tidafika pabwalo la sukulu dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Anthu adali atakhala pansi pa mitengo, kalaliki wogawa makuponi ali patebulo, nkhope ili gwaa. Midzi ina idali italandira n'kupita. Mudzi wa a Nyachirwa wokha udali pomwepo wonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe adali ndi kuponi m'manja.

Zimene zidachitika adatifotokozera pambuyo pake. Dzina la a Nyachirwa litaitanidwa, amayi adayankha kuti akuperekeza mlendo. Kalaliki adati lamulo ndi lamulo, wosapezeka wataya mwayi, ndipo adaitana dzina lotsatira. Palibe adaimirira. Adaitana lina, anthu ali duu. Atafunsa chimene chikuchitika, mayi wina adamuuza kuti mlendoyo adali wa mudzi wonse, ndipo kuti iwo adatha kubwerera pa Nkhamenya chifukwa a Nyachirwa adawasenzera katundu. Adati akalandira a Nyachirwa, ndiye onse alandira. Kalalikiyo adaopseza, adanyengerera, kenaka adayamba midzi ina n'kunena kuti adikira mpaka masana basi.

Atationa tikutsika pa makabaza, bwalo lonse lidaimirira. A Nyachirwa adayenda kupita patebulo, fumbi la njira lili m'miyendo, atavalabe juzi la Emiko padzuwa lonse lija. Adadinda chala, adalandira makuponi awo, nawamanga pansonga ya chitenje. Kalaliki adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amayi, mwatichedwetsa tonse pano. Mlendo wanuyo munamuperekeza mpaka pati?"

"Pafupi pompa, bambo. Pa Songwe."

Kalalikiyo adaika cholembera pansi, ndipo ndiye adayamba kuseka anthu onse asanayambe.

Amene adalipo pa mlatho wa Songwe potsanzikana, Lachiwiri lija, ndi awa:

A Nyachirwa, mlimi wa kwa Kaluluma, amene adasenza sutikesi.

Bambo Likoswe, tenanti wa fodya, kwawo ku Phalombe.

Mayi Tupokiwe, wogulitsa mpunga wa ku Kaporo.

Anyamata osintha ndalama ndi amayi ogulitsa nthochi a pa malire, amene maina awo sindidafunse.

Ine mwini, Mayi Elube Kamtedza, mlangizi wa zaulimi.

Emiko, wophunzira wa ku Japan, amene m'kalata zake amasaina kuti Nyachirwa wamng'ono.